Mafuta obisala pansi pa nthaka: mmene amaunikira madzi pafupi ndi mathanki akale

Amayi, mwina pamsika wa kwanu kapena m'mbali mwa msewu umene mumadutsa pali malo amene kale ankamwetserapo mafuta a galimoto koma adatsekedwa. Mapampu adazulidwa, chikwangwani chidagwa, ndipo lero pali golosale, shopu yowotcherera zitsulo kapena mabenchi a ogulitsa tomato. Mukayang'ana pamwamba, nkhani ya mafuta idatha kalekale. Koma pansi pa simentiyo pakhoza kukhala patatsala thanki yachitsulo imene idakwiriridwa zaka zambiri zapitazo, ndipo madzi amene mumatunga pachitsime kapena pamjigo wapafupi amadutsa m'nthaka yomweyo.

Mathanki otere sapezeka pamalo omwetsera mafuta pokha. Amatha kupezekanso kumaesiteti, m'magalaja akuluakulu ndi pamalo pamene pankalira jenereta yaikulu. Popeza ndinu amene mumatunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kusambitsa ana, madzi akasintha ndinu oyamba kuzindikira. N'chifukwa chake ndi bwino mudziwe mmene mafuta amalowera m'madzi apansi, mmene akatswiri amawalondolera, ndi zimene inu mungachite.

Thanki imadontha bwanji?

Mathanki ambiri akale adapangidwa ndi chitsulo chosatetezedwa mokwanira. Chitsulo chikakhala m'dothi lachinyontho chimachita dzimbiri, monga mmene khasu limachitira mukaliiwala kumunda dzinja lonse. M'kupita kwa zaka thanki imabooka timabowo tating'ono ngati ta singano. Mapaipi ochoka pathanki kupita kupampu nawonso amadontha m'molumikizira. Mafuta ena amatayika pamene thankala ikutsitsa n'kudzaza mopitirira.

Kudontha kwa pang'onopang'ono n'kumene kumapusitsa. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limakwana malita oposa 1,500 pachaka, kutanthauza migolo ya malita 200 yoposa isanu ndi iwiri. Mwini malo akhoza osazindikira kuti akutaya mafuta, chifukwa patsiku kuchepa kwake n'kwa malita anayi okha. Malowo akatsekedwa, thanki ikasiyidwa osaitsuka, zotsalira zimapitiriza kulowa m'dothi popanda woyang'anira.

Mafuta akafika pamadzi

Madzi apansi sakhala ngati mtsinje wobisika. Amakhala m'timipata ta mchenga, m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe, monga madzi amakhalira m'siponji. Amayenda pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kulowera kudambo, kumtsinje kapena kunyanja.

Mafuta akatuluka m'thanki amatsika m'dothi mpaka atafika pamadziwo. Popeza petulo ndi dizilo n'zopepuka kuposa madzi, zimayandama pamwamba, monga mafuta ophikira amayandamira pamsuzi. Ena amakanirira m'dothi. Koma gawo lina limasungunuka n'kusakanikirana ndi madzi, ndipo gawo limeneli ndilo limayenda ulendo. Limatambasuka kutsata kumene madzi akulowera, ngati utsi umene ukutsata mphepo. Chitsime chimene chili kumunsi kwa thanki chili pachiopsezo chachikulu kuposa chimene chili kumtunda, ngakhale zonse zitatalikira mofanana.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza lamulo limeneli. Choyamba, mjigo umene umapopedwa kwambiri, makamaka wa pampu yamagetsi kapena ya sola, umakokera madzi kwa iwo kuchokera mbali zonse, choncho ukhoza kukoka madzi oipa amene akadadutsa kwina. Chachiwiri, m'madera ambiri a kumtunda m'Malawi muno mijigo imatenga madzi m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe. Mng'alu umapita kumene wafuna, ndipo ukhoza kufikitsa mafuta pamjigo wakutali n'kulumpha wapafupi.

Choopsa chenicheni n'chiyani?

M'petulo muli mankhwala ambirimbiri, koma amene akatswiri amayamba kufufuza ndi anayi: benzene, toluene, ethylbenzene ndi xylene. Mwachidule amawatchula kuti BTEX. Woopsa kwambiri ndi benzene, chifukwa ndi wodziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi munthu akamamumwa kapena kumupuma kwa nthawi yaitali. Amafooketsanso mafuta a m'mafupa, amene amapanga magazi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika malire akuti benzene asapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kuti muone kuchepa kwake, supuni yaing'ono imodzi ya benzene ndi yokwanira kufikitsa pamalire amenewa ndowa za malita 20 zoposa 20,000. Pamlingo wotere madzi amaoneka oyera ndipo mphuno siimva kanthu. Madzi onunkha petulo ndi oipa ndithu, koma madzi osanunkha sikuti ndiye abwino.

Pamalo akale kwambiri pakhoza kukhalanso mtovu, poti petulo wothira mtovu adaleka kugulitsidwa m'maiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara kumayambiriro kwa chaka cha 2006. Mtovu umaononga ubongo wa ana, ndipo suola m'nthaka.

Zimene zidachitika ku Santa Monica

Mzinda wa Santa Monica uli m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha California ku America. Ndi mzinda wolemera, wokhala ndi akatswiri ndi malabotale, komabe vutoli lidaugwera. M'chaka cha 1996 akuluakulu a mzindawu adatseka zitsime za malo awiri otchedwa Charnock ndi Arcadia atapeza kuti m'madzi muli mankhwala otchedwa MTBE, amene panthawiyo ankathiridwa m'petulo kuti utsi wa galimoto usamaipitse kwambiri mpweya. Ku Charnock mankhwalawa adafika mamiligalamu 0.61 pa lita, pomwe anthu ena amayamba kumva fungo ndi kukoma kwake akangofika pakati pa 0.02 ndi 0.04. Gwero lake lidali mathanki ndi mapaipi odontha a petulo a m'deralo.

Zitsime zimenezi zinkapereka theka la madzi akumwa a mzinda wonse. Mzindawu udayamba kugula madzi ochokera kutali, kwinaku ukulimbana ndi makampani a mafuta kuti alipire. Adagwirizana, ndipo ndalama za makampaniwo zidamangira malo osefera madzi. Koma zitsime za ku Charnock zidayambanso kugwira ntchito m'chaka cha 2010, patatha zaka 14. Boma la California lidaletsa MTBE m'petulo kuyambira chaka cha 2004.

Santa Monica sadali yekha. Kuyambira pamene dziko la America lidakhwimitsa malamulo a mathanki apansi m'chaka cha 1988, lapeza malo oposa 500,000 pamene mafuta adatayikira m'nthaka. Phunziro lake ndi lakuti kuipitsa madzi apansi n'kosavuta, koma kuwakonza kumadya zaka ndi chuma chambiri. Ndipo chimene chidapulumutsa anthu a mumzindawu n'chakuti madzi awo ankayezedwa.

Kumene kulibe woyeza, anthu amamwa osadziwa. M'chaka cha 2011 bungwe la United Nations loona zachilengedwe la UNEP lidatulutsa lipoti la dera la Ogoni ku Nigeria. Pamudzi wa Nisisioken Ogale, pafupi ndi paipi ya mafuta, mabanja ankamwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wopitirira malire a WHO koposa ka 900. Pamenepa gwero lidali paipi osati thanki, koma njira imene mafuta adadzera kuti afike m'ndowa ya mayi ndi yomweyo.

Kodi kuunika kumachitika bwanji?

Munthu sangaone pansi pa nthaka, choncho akatswiri amaboola tizitsime tawotawo toti aziyang'aniramo. Tizitsime timeneti si totungamo madzi. Kalikonse kamakhala paipi yapulasitiki yaing'ono, kawirikawiri ya masentimita 5 kukamwa kwake, yotsikira mpaka m'madzi apansi. Kumunsi kwa paipiyo kumakhala timing'alu tolowetsa madzi, ndipo amaika mwadala kuti timing'aluto tiyambire pamwamba pang'ono pa madzi n'kutsikira pansi. Amatero kuti mafuta oyandama athe kulowa. Paipi ikamira yonse m'madzi, mafuta amadutsa pamwamba osaoneka. M'mbali mwa timing'alu amathira mchenga wosefa, pamwamba pake amatseka ndi dongo lapadera ndi simenti kuti madzi amvula asatsikire m'menemo, kenaka amavundikira ndi chivundikiro chokiya.

Tizitsime timeneti timafunika tosachepera titatu. Akayeza kuya kwa madzi pamalo atatu osayang'anizana mumzere umodzi, amadziwa mbali imene madzi akulowera. Kamodzi amakaika kumtunda kwa thanki kuti adziwe mmene madzi alili asanafike pamalopo. Tina amatiika pafupi ndi thanki ndi kumunsi kwake, ndipo kena pakati pa thanki ndi chitsime chimene anthu amamwa, kuti kakhale ngati mlonda wochenjeza mafuta asanafike kwa anthu.

Tsiku lotenga madzi, amayamba ndi kuyeza kuya kwa madzi ndi kuona ngati pali mafuta oyandama, n'kulemba kuchindikala kwake. Kenaka amapopa n'kuchotsa madzi ogonera amene adakhalitsa m'paipi, kuti atenge madzi enieni a m'nthaka. Madzi opita kulabotale amawathira m'timabotolo tagalasi ta mamililita 40, n'kudzaza mpaka pakamwa osasiya kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi. Chifukwa chake n'chakuti benzene amauluka msanga, ndipo mukakhala mpata m'botolo amathawiramo, zotsatira n'kunama kuti madzi ali bwino. Timabotoloto amatisunga m'bokosi la ayezi ndipo timayenera kupimidwa pasanathe masabata awiri.

Mukamva zimenezi mwaona kale kuti madzi otungira m'botolo la zakumwa, oyenda nawo pabasi padzuwa, sangapereke yankho lodalirika pankhani ya mafuta. Dziwaninso kuti kupima kumene kumachitika mjigo ukangokumbidwa nthawi zambiri kumafufuza tizilombo toyambitsa matenda, mchere, chitsulo ndi zina zotere. Kupima mafuta n'kwapadera, kumafuna makina ena, ndipo kumachitika pokhapokha wina atapempha.

N'chifukwa chiyani kuyeza kamodzi sikokwanira?

Madzi apansi amakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe, ndipo inu mumadziwa bwino zimenezi poona kutalika kwa chingwe pachitsime mu Okutobala ndi mu Febuluwale. Madzi akatsika, mafuta oyandama amatsika nawo n'kupakika m'dothi. Mvula ikabwera madzi n'kukwera, amakhudzanso dothi lopakika lija n'kusungunula mankhwala ena. Motero chitsime chikhoza kuoneka chabwino mwezi uno n'kuipa miyezi itatu ikubwerayi. N'chifukwa chake mwambo wa akatswiri ndi kutenga madzi miyezi itatu iliyonse, kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, kuti nyengo zonse zioneke.

Chimene amayang'ana m'zotsatira si nambala imodzi koma kumene zinthu zikulowera: kodi mankhwala akuchepa, aima kapena akuchuluka? Kodi dera loipa likukula kapena likufota? M'nthaka muli tizilombo tosaoneka timene timadya mafuta pang'onopang'ono, makamaka pamene pali mpweya wokwanira. Gwero likachotsedwa, tizilomboti timathandiza kuti dera loipa lisiye kukula. Koma thanki ikadali pansi ndi dothi lonona mafuta, ntchito yawo siitha. Kuno kwathu petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Akatswiri adapeza kuti tizilombo tija timayamba kudya ethanol n'kumaliza mpweya, zimene zingapatse benzene mpata woyenda mtunda wotalikirapo.

Kukonza malo kumayamba ndi kupopa zotsalira, kufukula thanki ndi kuchotsa dothi loipa. Pambuyo pake amatha kuyamwa mafuta oyandama, kuyamwa mpweya wa mafuta m'dothi, kapena kusefa madzi ndi makala apadera a m'fakitale otchedwa activated carbon, monga adachitira ku Santa Monica. Makala ophikira sagwira ntchito imeneyi. Kuunika kumapitirira mpaka zotsatira zitakhala pansi pa malire kwa nthawi yaitali.

Zimene mungaone nokha

Ngakhale mulibe makina, pali zizindikiro zimene muyenera kuzitenga mozama. Fungo la petulo, dizilo kapena palafini m'madzi, makamaka m'mawa potunga ndowa zoyamba kapena mukatenthetsa madzi osamba. Kukoma kwachilendo m'tiyi kapena m'phala. Mitundu yonga utawaleza pamwamba pa madzi. Fungo la mafuta pokumba chimbudzi, maziko a nyumba kapena chitsime chatsopano. Udzu ndi mitengo youma pamalo amodzi popanda chifukwa chooneka.

Pankhani ya utawaleza pali kayezedwe kosavuta. Mijigo yambiri ili ndi madzi a chitsulo, ndipo tizilombo timene timakonda chitsulo timapanga kakhungu konyezimira kofanana ndi mafuta, makamaka pamadzi odikha pafupi ndi mjigo kapena kudambo. Tengani kamtengo mukhudze. Kakhunguko kakasweka m'tizidutswa ngati galasi osalumikizananso, ndi chitsulo. Kakazungulira n'kubwereranso pamodzi, ndi mafuta.

Madzi a m'mipopi nawo si otetezeka kotheratu. Paipi yapulasitiki yakuda ikadutsa m'dothi lonona petulo, mankhwala amatha kulowerera m'khoma la paipiyo ngakhale isanabooke. Nyumba imodzi kapena ziwiri zokha zikamamva fungo pampopi pomwe ena sakumva, uzani a bungwe lopereka madzi kuti aone kumene paipi idadutsa.

Zimene sizithandiza ndi zimene muyenera kupewa

Mudaphunzira kuti madzi okayikitsa tiziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo pankhani ya kolera ndi kutsegula m'mimba malangizowo ndi oona. Koma mafuta si tizilombo. Klorini sachotsa benzene, ndipo kusefa pansalu sikuchotsa. Kuwiritsa kumatulutsira mankhwalawo mumpweya wa m'khitchini mmene inu ndi mwana wa kumbuyo mukupuma, ndipo mtovu ukakhalamo umatsalira mumphika. Madzi onunkha mafuta musamwe, musaphikire, musasambitsire ana. Pezani kaye madzi kwina. Amene akumva mutu, chizungulire, nseru kapena zotupa pakhungu apite kuchipatala ndipo akafotokoze za madziwo.

Musalole munthu kulowa m'chitsime chonunkha mafuta kuti akachikonze, ndipo pasayandikire moto, fodya kapena nyali. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umakhazikika pansi m'dzenje, umakomola ndiponso umaphulika. Thanki yakale imene ikuoneka youma ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imakhala yodzaza mpweya umenewu. Anyamata ofuna zitsulo zogulitsa asaidule kapena kuiwotcherera, ndipo ana asaseweretse zivundikiro zake. Migolo ndi zigubu zimene munali mafuta musasungiremo madzi akumwa ngakhale mutatsuka ndi sopo. Oyilo wakuda wa m'injini musathire m'chimbudzi kapena m'dzenje, poti ameneyunso amatsikira kumadzi omwewo.

Mukanene kuti, ndipo mufunse chiyani?

Yambani ndi kulemba. Tengani kope, mulembe tsiku, nthawi, chitsime kapena mjigo wake, chimene mwaona kapena kumva, ndi nyumba zimene zakhudzidwa. Funsani achikulire a m'deralo kuti akuuzeni pamene panali mapampu, mbali imene thankala inkaima potsitsa mafuta, ndi ngati adaona thanki ikufukulidwa. Pamene mapepala adasowa, kukumbukira kwa agogo ndiko kumatsogolera akatswiri pamalo oyenera kuboola.

Kenaka dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, komiti ya mjigo ndi amfumu. Kukhonsolo ya boma lanu kuli ofesi ya zamadzi, ya zachilengedwe ndi ya zaumoyo. Pamwamba pa amenewa pali bungwe la MERA limene limapereka ziphaso za malonda a mafuta, bungwe la MEPA loteteza chilengedwe, ndi bungwe la National Water Resources Authority loyang'anira madzi a m'dziko muno. Pitani ndi kalata yosainidwa ndi gulu, musunge kope lake, ndipo mulembe tsiku limene mwaipereka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata ya amayi makumi atatu imamveka kusiyana ndi dandaulo la pakamwa la munthu mmodzi.

Mukakumana ndi adindo kapena mwini malo, funsani mwaulemu koma momveka. Kodi thanki idachotsedwa kapena ikadali pansi? Ngati idachotsedwa, dothi lidapimidwa? Madzi apansi akulowera mbali iti? Kodi madzi apimidwa benzene ndi mankhwala ena a mafuta, kapena tizilombo tokha? Labotale imene mukutumizako ili ndi makina opimira mafuta? Mudzabweranso liti kudzatenga madzi ena? Zotsatira tidzazilandira zolembedwa? Ndipo pamene tikudikira, madzi akumwa tizitunga kuti, ndipo alipire ndani? Mfundo imene maiko ambiri amatsata ndi yakuti woipitsa ndiye alipire, monga zidachitikira ku Santa Monica.

Ngati gulu lanu, sukulu kapena mudzi ukukonza zokumba mjigo watsopano, nkhani ya mathanki akale itchulidwe makina asanafike. Uzani okumba mbiri ya malowo ndipo pemphani kuti mjigo ukhale kumtunda ndi kutali ndi pamene pankasungidwa mafuta. Kusuntha chikhomo tsiku loyeza malo sikudya ndalama, pomwe mjigo wokumbidwa pamalo oipa umatayidwa wonse.

Pomaliza, ngati akatswiri aika tizitsime tounikira m'dera lanu, titetezeni. Auzeni ana kuti asaponyemo miyala, ndipo wina asaswe loko kuti atungemo madzi. Kachitsime kamodzi kakaonongeka, mbali imeneyo imakhala yopanda mlonda. Pamsonkhano wanu wotsatira, patulani mphindi zochepa mujambule mapu a dera lanu papepala: zitsime ndi mijigo yonse, malo onse amene mafuta amasungidwa kapena ankasungidwa, ndi mbali imene madzi amvula amalowera. Mukapeza chitsime chimene chili kumunsi kwa malo otere, chimenecho ndicho choyamba kukachitchula kuofesi ya zamadzi.